Tsiku limene bambo anavotera mnzawo

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatchula bambo anga kuti achimwene popanda ine kukunga chibakera. Kuno ku Kambuzuma, Mshona akakuitana choncho umayamba wamuyang'ana pakamwa, uone ngati ndi ulemu kapena akungokukumbutsa kuti agogo ako anabwera wapansi kuchokera ku Malawi. Koma mnzawo wa bambo uyu, Mshona weniweni, ankaima pageti n'kukuwa kuti, "Achimwene, mwafa kodi m'menemo?" Bambo ali m'nyumba ankayankha kuti, "Ndikudikira uyambe ndiwe."

Anadziwana ine ndisanabadwe, pafakitale ina ya zitsulo ku Willowvale. Bambo ankawotcherera, mnzawoyo ankapopera penti, ndipo Chichewa chawo chokhotakhota chija anachitolera pomwepo. Fakitale itayamba kuchotsa anthu ntchito, iwo ndi amene ankakwera padiramu n'kumalankhulira anzawo. Kuchoka padiramupo analowa ndale. Ife tinayamba kuwatchula kuti aSeneta asanalowe n'komwe m'nyumba ya maseneta, nyumba yachiwiri ya malamulo ija, ndipo dzinalo linawakanirira.

Mbiri ya zisankho zawo bambo ankaidziwa ngati zigoli za timu yampira. Mlendo aliyense wofika kwathu ankaimva, afune asafune. Koyamba anaima pa ukhansala, anagwa. Kachiwiri anaima pa useneta, anagwanso, moti tsiku limenelo wailesi kwathu inazimitsidwa ngati pali maliro. Kachitatu anapambana. Ndinali wamng'ono koma ndikukumbukira bambo akuvina pamsewu, nsapato phazi limodzi. Kachinayi anapambananso.

Maulendo onsewo, wonyamula mipando kumisonkhano anali bambo. Wophika phala la fulawa lomatira zithunzi za aSeneta m'mitengo ndi m'makoma anali bambo. Koma voti analibe. Anabadwira kuno, ku Malawi sanapondeko, koma chitupa chawo chinali ndi chizindikiro choti ndi mlendo. Kale ankavota bwinobwino. Lamulo linawatsekera pakhomo nthawi yomwe mnzawo ankayamba kuima, ngati dala. Anthu mumsewu mwathu ankawaseka kuti, "Mdala, mukudzivutitsiranji, voti yake iti?" Ine magazi ankawira. Iwo ankangoti, "Ng'oma nayo sivina, koma ichotseni muone ngati gule aliko."

Za ine palibe zambiri. Sukulu ndinalekeza fomu thu, nkhani ya ndewu. Ndinalowa uhwindi, ntchito yolendewera pachitseko cha kombi, minibasi ya kuno, n'kumaitanira anthu a ku Lochinvar ndi a m'tauni. Makombiwo anali a bambo wina wamimba, wa mphete chala chilichonse. Tsiku lina dalaivala wake anandituma ngati galu, ine n'kumuyankha ndi manja, ntchito n'kutha. Bambo anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kupita pasiteji kukandipepesera. Mwini makombiyo sanatsike n'komwe m'galimoto. Anatsitsa galasi n'kunena mokweza, anthu onse akumva, kuti mabhurandaya ndi choncho, alibe mtundu, alibe kwawo, mwana akatengera kuti khalidwe. Mabhurandaya ndi dzina lotinyozera ife a ku Malawi. Bambo anavula chipewa, anati zikomo, n'kundigwira lamba wa buluku mpaka kunyumba kuti ndisatole mwala. Nkhani imeneyo sanaitchulenso.

Lamulo linadzasinthanso, obadwira kuno n'kuyamba kuwerengedwa ngati nzika. Chisankho choyamba lamulolo litasintha chinawadutsa bambo chifukwa cha mizere ya kumaofesi. Chinacho chisanafike, aSeneta anabwera okha ndi galimoto, anawatenga, n'kuwabweza madzulo ali ndi chitupa chatsopano m'thumba la pamtima.

"Achimwene, pothawira patha," anatero aSeneta pageti. "Ulendo uno mundivotera."

"Ndiganize kaye," anatero bambo. "Penti wako ankasupuka."

Kuganiza kwake kuti? Jekete inachapidwa kukali milungu. Maso awo anali atatha ndi moto wowotcherera, ankangoona mithunzi, ndiye ankandifunsa tsiku ndi tsiku ngati zithunzi za mnzawo zamatidwa. Ine ndinkaona nkhope zambirimbiri m'makoma, ina mwa izo ya mwini makombi uja, amene tsopano ankafuna uphungu wa dera lathu m'chipani chomwecho cha aSeneta. Chithunzi chake chimodzi ndinachiboola maso, ndisakunamizeni. Koma cha aSeneta sindinachione paliponse. Nditawauza bambo anaseka. "Munthu wodziwika safuna kupachikidwa pamtengo."

Tsiku lovota tinalawirira kusukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwathu. Okalamba ankawalowetsa patsogolo, ndipo wosaona ankaloledwa kulowa ndi munthu wake womuthandiza. Munthu wake ndinali ine. Anapeza dzina lawo, anawapaka inki pakachala, n'kuwapatsa mapepala atatu. Tinalowa m'kachipinda ka makatoni, mapewa athu akukhulana.

"Yamba ndi la mnzanga," ananong'ona bambo. "Enawa adikire."

Ndinayang'ana pepala loyamba, la apulezidenti. Lachiwiri, la aphungu. Lachitatu, la makhansala. Ndinatembenuza lililonse kumbuyo. Ndinayambiranso, chala chikuyenda nkhope ndi nkhope. Dazi la aSeneta ndikanalidziwa ngakhale mumdima.

"Bambo, mulibe."

"Yang'ana bwino, iwe sukulu unathawa."

"Nkhope siifuna sukulu, bambo. Mulibe."

Ndinaganiza chinthu chimodzi basi, kuti aona dzina lachimalawi n'kutibisira pepala lachinayi. Ndinatuluka m'kachipindamo mapepala ali m'manja, ndikukuwa m'Chishona kuti aliyense amve. "Lina lija lili kuti? Munawalanda voti zaka zonsezi, lero mukuwapatsa yoduka? Tibwezereni pepala la seneta!" Tebulo ndinalimenya, zolembera n'kugwa. Wapolisi amene anali pakhomo anayamba kubwera, akumasula chibonga.

Mayi amene ankayang'anira malowo anaimirira. Anali wamfupi, wa magalasi, mawu ake ngati a mphunzitsi wozolowera ana osamva. "Mnyamata, ukamenyanso tebulo limenelo utuluka, ndipo bambo akowa avota popanda iwe kapena savota n'komwe. Sankha."

Ndinamva dzanja pa lamba wa buluku langa. Bambo anali atanditsatira mopapasa. "Pepani mayi," anatero, chipewa chili kumanja. "Mwanayu mtima uli pafupi. Ine ndabwera kudzavotera mnzanga pa useneta. Ndithandizeni, pepala lake ndilipeza kuti?"

Mayiyo anawayang'ana kanthawi, nkhope n'kufewa. Anauza wapolisi kuti abwerere pakhomo. Kenaka anafotokoza pang'onopang'ono kuti pepala la seneta linatha pamene malamulo anasintha. Masiku ano mavoti a aphungu amawaphatikiza chigawo chonse, chipani ndi chipani, ndipo mipando ya maseneta amaigawa potengera mavoti amenewo. Palibe amene watibisira kanthu. Aliyense m'chipindamo walandira atatu.

Tangoganizani. Chisankho chathachi bambo sanalowe muno, ndiye ankangoti mnzawo anapambana ndi nkhope yake ngati kale. Ine ndinali ndisanavotepo. ASeneta nawo ankayesa kuti dziko lonse likudziwa. Lamulo lomwe linawabwezera bambo voti ndi lomwe linachotsa mnzawo papepala.

"Ndiye ndikafuna kumufikira, ndidzere kwa yani?" anafunsa bambo.

"Zimenezo sindingakuuzeni ine," anatero mayiyo. "Bwererani m'kachipinda. Mwana wanu akuona."

Ndinkaonadi. Tinabwerera, ndinayala pepala la aphungu, ndipo pafupi ndi chizindikiro cha chipani cha aSeneta panali iye, akumwetulira, masaya phwii.

"Wapeza?"

"Bambo, ndi uja."

"Uja uti?"

"Wamakombi."

Kunja ndinkamva mayi wogulitsa chimanga chootcha akuitanira. Ndinawanong'oneza kuti tingolisiya losalemba pepalali, tivote awiri enawo, tizipita. ASeneta sadzadziwa.

"Ndidzadziwa ine," anatero. "Ndipatse cholembera. Iwe ugwire dzanja langa, uliike pamalo pake."

Ndinawagwira dzanja. Linali lopepuka, la zipsera za moto. Pamwamba pa nkhope ya mwini makombi panali munthu wina, pansi pake panali mayi wina, ndipo kuchoka pabokosi lina kufika pa linzake sipakwana ndi chala chomwe. Bambo sakanadziwa. Ndinkamvabe mawu aja a pagalasi la galimoto, ndinkaona chipewa chikuvulidwa pamaso pa mahwindi anzanga. Dzanja langa linaima m'malere, lawo lili m'kati mwake.

"Waima," anatero bambo. "Ukuyesa ndinaiwala? Sindinaiwale. Koma iwe unagwirako ntchito pamsewu. Munthu akamapita kukaona mnzake, amafunsa kuti kombi ndi ya yani?"

"Safunsa."

"Amatani?"

"Amangokwera."

"Ndikweze, hwindi."

Ndinaseka, misozi ili m'maso, ndi mkwiyo womwe. Ndinatsitsa dzanja lawo pabokosi la wamakombi. Analemba mtanda pang'onopang'ono, akukanikiza ngati akuwotcherera, mpaka ndinaopa kuti pepala libooka. Enawo tinamaliza msanga. Poponya m'bokosi anakana kuti ndiwathandize, anapapasa okha kamwa lake. Langa ndinavota pambuyo pake ndekha, ndipo kumene ndinaika ndi nkhani yanga.

Zotsatira zitatuluka, mwini makombi anapambana. Makombi ake analiza mahutala Kambuzuma yense, ine ndili m'nyumba ndatseka mawindo. Za maseneta zinabwera mochedwerapo. Chipani chinapeza mipando, koma dzina la aSeneta anali ataliika m'munsi, kuseri kwa anthu atsopano, ndipo mipando inatha lisanafikidwe. Ndinawauza bambo ndili chiimire pakhomo. Anangosisita kachala kaja, inki isanathe pachikhadabo.

Loweruka lotsatira tinamva kukuwa pageti. "Achimwene, mwafa kodi m'menemo?"

"Wafa ndiwe," anayankha bambo. "Lowa tikulire."

ASeneta anabwera wapansi kuchokera pasiteji, opanda tayi. Ndinawatulutsira mipando pansi pa mtengo wa mapeyala. Anakhala, n'kuwaloza bambo ndi chala. "Inu ndinu mfiti. Kawiri konse ndinapambana inu muli panja. Mwangolowa kamodzi, ndagwa."

"Kawiri konsenso unagwa ine ndili panja. Usandinamizire."

"Munavoteradi ine, kapena mwanayu anakusocheretsani?" Ananditembenukira. "Iwe, ndamva unafuna kuphwanya tebulo la boma."

Bambo anawafotokozera zonse, za pepala lachinayi, za wapolisi, za wamakombi. Za pasiteji paja aSeneta anali asanazimvepo, chifukwa bambo sanawauzepo. Kuseka kunawathera. Anavula magalasi, n'kumawapukuta ndi malaya nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero, "mukanandiuza."

"Ukanatani? Ukanandinyamula pamsana?" Bambo anatambasula dzanja, anapeza bondo la mnzawo, n'kulimenya. "Ndinati ndikuvotera, ndakuvotera. Zoti unagwa ndi zako. Iwe, tiikire madzi a tiyi, aSeneta alibenso owaphikira."

ASeneta ndale anazisiyira pomwepo. Masiku ano amabwera Loweruka lililonse, amakhala pansi pa mapeyala n'kumakangana ndi bambo za amene ankagwira bwino ntchito ku Willowvale. Wamakombi ndikakumana naye pamsewu ndimayang'anabe kumbali, manja m'thumba, kuopa zambiri.

Mlendo akafika kwathu, mbiri ija amaimvabe. Bambo amawerenga ndi zala. "Koyamba anagwa. Kachiwiri anagwa. Kachitatu anapambana. Kachinayi anapambana." Akafika pakachala kakang'ono amakakweza m'mwamba. "Kachisanu ndinamuvotera ine."

Mlendo akafunsa kuti nanga kachisanuko zinatha bwanji, bambo amandituma kukaona ngati madzi awira.