Anabwera kudzaphunzitsa mtendere pa geti la esiteti

Lachiwiri lapitali ndikuchokera ku Makwasa ndinapeza amayi ambiri atakhala pansi pa geti la esiteti ina ya tiyi. Madengu awo othyolera tiyi anawavundikira pambali. Panalibe wonyamula mwala, panalibe wotukwana. Amangoimba nyimbo ya m'tchalitchi chapansipansi.

Ndinafunsa mayi wina wachikulire, mayi Namaona, amene wathyola tiyi pa esitetipo kuyambira ali mtsikana. Anandiuza kuti akampani atseka njira yopita kumanda a makolo awo, abzalamo bulugama n'kuikapo alonda. Maliro a mwezi watha anachita kuzungulira nawo phiri, bokosi lili pamapewa. Ndiye amayiwo anagwirizana kuti thirakitala yonyamula masamba kupita ku fakitale sidutsa mpaka manijala atabwera kudzalankhula nawo.

Alonda anali ataima ndi zibonga zawo, maso ali pansi. Angamenye ndani? Ena mwa okhala pansiwo ndi azakhali awo.

Kenaka inatulukira galimoto yoyera. Munatsika anyamata awiri a ku Blantyre ndi mzungu wamkazi wa kamera. Anati ndi a bungwe loona za mtendere pa dziko lonse, amva za amayiwa, ndipo abwera kudzawaphunzitsa kulimbana ndi nkhanza popanda ziwawa.

Kuphunzitsa ndani, abale? Anthu amene akhala padzuwa chichokere m'mawa osaponya ngakhale chibuluma cha dothi?

Alendowo anagawa malaya oyera ojambulidwa nkhunda, ndi zikwangwani za Chingerezi. Ndinaziwerenga. Zinkanena za nkhondo ya kutsidya kwa nyanja, ija timaimva pawailesi. Za manda panalibe ndi liwu limodzi. Atatero anapempha amayiwo kuti asunthire m'munda wa tiyi, pobiriwira paja, ati chithunzi cha pa geti sichikongola.

Ambiri ananyamuka. Mlendo sakanidwa kwathu kuno.

Mayi Namaona sanasunthe. Mmodzi wa anyamata aja anawagwadira mwaulemu ndithu, n'kuwanyengerera kuti dziko lonse liwaona.

"Mwana wanga," anatero mayiwo, "ine sindikufuna dziko lonse. Ndikufuna a manijala, ali apo pa ofesi."

Koma anatsala ndi anzawo ochepa, osakwana kutseka msewu. Kamera ili kalikiliki m'munda muja, geti linatseguka, thirakitala inalambalala m'mbali n'kudutsa ndi masamba ake. Pamene amayi aja amathamanga kubwerera, anangopeza fumbi.

Sindikunena kuti zinali zopangana. Umboni ndilibe. Mwina alendowo ndi anthu abwino amene sanadziwe chimene amachita. Koma madzulo ake ndinaiona galimoto yoyera ija itaima pa nyumba ya alendo ya esiteti yomweyo. Ndipo mpaka lero ndikudzifunsa kuti anawauza ndani za amayiwa, poti nkhaniyi sinatuluke pawailesi kapena m'nyuzipepala.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sanatiuze kuti kalumoko kameta ndani.

Chibwerere ulamuliro wa zipani zambiri, mabungwe achuluka ngati bowa wa mvula yoyamba. Aliyense ali ndi wekishopu, aliyense ali ndi malaya ake. Amatiuza kuti dziko lasanduka mudzi umodzi. Chabwino. Tiyi wa ku Thyolo amamwedwa m'mayiko amene mayi Namaona sadzapondako. Chithunzi cha amayi aja nacho chipita komweko, anthu akachiona n'kugwetsa misozi, n'kunena kuti ngakhale amayi osauka a ku Africa akudana ndi nkhondo. Kodi alipo amene adzauzidwe kuti tiyi ali m'kapu mwakemo anadutsa pa geti pamene amayiwo amajambulidwa?

Musandimve molakwa. Nkhondo ndimadana nayo. Tinawaona abale athu a ku Mozambique akuthawira kuno ndi mitolo pamutu, ena opanda makutu. Ndipo njira imene amayi aja anasankha ndiyo yolimba kuposa zonse, chifukwa munthu wokhala pansi manja ali pamiyendo, ukamumenya manyazi amagwira iwe. Chimene ndimakayikira ndi mtendere wobwera pagalimoto, umene umatanthauza kuti osauka akhale chete ntchito iziyenda.

Lachitatu amayiwo anabwereranso, ochuluka kuposa dzulo lake. Anagwirizana kuti palibe wonyamuka, kaya abwere ndani. Masamba anayamba kufota m'thirakitala, ndipo masana manijala anatuluka mu ofesi yake, n'kuyenda wapansi mpaka pa geti. Walonjeza kukumana ndi akuluakulu a m'mudzi sabata ino. Lonjezo si njira, koma ndi koyamba kuti atuluke.

Tsono inu owerenga, wina akadzafika kwanu kudzakuphunzitsani mtendere, mulandireni, mumupatse mpando. Koma musananyamuke pamene mwakhalapo, mufunseni: kodi ndikachoka pano, adutsa ndani?