Mafuta a Nkhumba Amene Amayi Anandimwetsa

Sukulu ya ku mishoni ndinaisiya nditaona kuti chimene ndikuphunzira ndi kupalira thonje la aphunzitsi. Ndinabwerera kwathu ku Ngauma chimanjamanja, amayi n'kunena kuti chatsala n'kukwatira basi. Mtsikana analipo, wa mudzi wa kutsidya kwa dambo. Ndinkamufuna, sindibisa. Koma kwathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, ndipo wovomereza mkamwini ndi malume wake wa mtsikana. Amalume akewo anali ndi munda waukulu wa fodya. Za kudziwa Chipwitikizi analibe nazo ntchito. Ankafuna msana.

Dzinja limenelo malungo anandigwira. Kunjenjemera, thukuta, kusanza, kenako kuleka, kenako kubwereranso. Pamene mvula inkatha ndinali nthiti zokhazokha. Ndiye uthenga unafika woti amalume aja akufuna andione pa khasu asanayankhe ankhoswe athu.

Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukapita chonchi akakuyesa mtengo woyanikira fodya."

Anaphetsa nkhumba yathu, imodzi yokhayo, nasungunula mafuta ake n'kuwathira m'nsupa. M'mawa uliwonse ankawafunditsa n'kundipatsa m'chikho.

"Amayi, akundinyansa."

"Akukunyansa? Nkhumbayi yafera iwe. Imwa."

Ndikasanza ankadikira kuti ndipume, n'kundithirira ena. Kumanja, pansi pa nthiti, kunayamba kulemera ngati ndameza mwanamphero. Mimba inatupa. Amayi ankaisisita mokondwa, ndipo anakauza anzawo kuchitsime kuti mwana wawo wabwerera m'thupi. Maso anga anali atasanduka achikasu, mkodzo ngati madzi oviikamo fodya. Ndinawauza. Anati ndi mafuta akugwira ntchito.

Tsiku lake litafika, tinawoloka dambo ndi amayi, ndipo amalume aja anandizungulira monga achitira ogula mbuzi. Anandimenya pamimba ndi chikhatho, ine n'kuluma mlomo.

"Mimbayi ndi ya munthu wodya," anatero. "Nanga miyendoyi mwabwereka kwa kakowa?"

Anthu anaseka. Mtsikana uja anali pakhonde akutonola chimanga, osadzutsa mutu.

Anandipatsa khasu nandilozera mphanje. Ndinalima ndithu, chifukwa ndinkadziwa kuti akundionera pakhonde paja. Dzuwa lisanafike pamutu ndinagwa, n'kusanza zachikasu pamzere womwe ndinapanga ndekha. Amalumewo anandigadamiza ndi phazi, nanditsegula diso ndi chala chonunkha fodya.

"Mayi," anatero kwa amayi anga, "mwatibweretsera dzungu lowola mkati. Nyamulani. Ife sitinapemphe maliro."

Abale anandinyamula pamachira mpaka ku Mandimba. Kumeneko mankhwala kunalibe. Wamalonda wina anatikweza ine ndi amayi pamwamba pa matumba a chimanga m'galimoto lake lopita ku Cuamba, ndipo dzenje lililonse la mumsewu ndinkalimvera m'nthiti.

Kuchipatala ku Cuamba enfermeyiro, ndiye kuti namwino, bambo wa Chimakuwa wodziwa Chinyanja, anandidina pansi pa nthiti. Ndinakuwa ngati nkhumba ija.

"Mwamudyetsa chiyani?" anafunsa amayi.

"Mafuta, bambo, kuti anenepe."

"Kuti anenepe!" Anaitana mnzake kuti adzamve. "Mayi, iyi si mimba yonenepa. Malungo atupitsa chiwindi. Chiwindi ndicho chimasamala mafuta m'thupi la munthu. Chikadwala, mafutawo amangoyenda m'magazi opanda pokhala, munthu osanenepa. Inu mwaona wodwala ali gone n'kumusenzetsa mtolo wa nkhuni."

Amayi anayang'ana pansi. Bambo uja anapitiriza kuseka ndi mnzake uja, akundiloza ngati chinthu cha pamsika. Anandipatsa kinino, mankhwala owawa a malungo amene anandiliza makutu masiku ambiri, ndi phala lamadzi lopanda nsinjiro, lopanda kanthu. Mimba inaphwa pang'onopang'ono. Maso anayera. Ndinatuluka wowonda kuposa kale, koma ndikuyenda ndekha.

Ndinafika kwathu chimanga chili kale m'nkhokwe. Sindinalowe ngakhale m'nyumba, ndinangowoloka dambo. Kuseri kwa nyumba ya make wa mtsikana uja kunali nsichi zatsopano, ndipo mwamuna wina wa khosi ngati la ng'ombe ankamanga denga. Mtsikanayo ndiye ankamupatsira luzi. Amalume aja anandiona ndili panjira.

"Kakowa wachira!" anafuula. "Bwera utigwirire tsekera, ngati ungathe kulinyamula."

Ndinabwerera. Amayi ndinawapeza akutsuka nsupa ija ndi phulusa. Ndinayembekeza kuti anene mawu amodzi okha, oti mwana wanga ndinakupweteka. Sanadzutse mutu.

"Nkhumba yathunthu," anatero. "Ukanapanda kumasanza, bwenzi lero uli pabanja."