Ankhoswe a Tirigu ndi Udzu

Mayi a nyumba yoyang'anizana ndi yathu timawatcha Ankhoswe, chifukwa ntchito yawo ndi kukwatitsa tirigu ndi udzu wakutchire. Amasamutsa mungu wa udzu kupita pa maluwa a tirigu ndi kachitsulo kopanira, kuti tirigu atengere makromozomu, tizinthu tosunga chibadwa, a udzuwo, umene sugwidwa chiwawu. Tirigu akamachita maluwa, iwo salawa khofi, kuopa kunjenjemera manja.

Chaka chimene chiwawu chinapsereza minda, mbewu yawo yokha inakhalabe yobiriwira. Mkulu wa kafukufuku kuntchito kwawo anafuna kuitcha dzina la mayiwo ndi kubisa za udzu, poopa kuti alimi angaikane.

"Bwana, mwana sabisiridwa bambo wake," anayankha mayiwo. "Ngati mukuchita naye manyazi, ndibwezereni mwana wanga."

Lero alimi akafika m'sitolo, amaitanitsa mbewuyo potchula dzina la udzu.