Dzenje Lachitatu pa Poloti Yathu ya ku Machinjiri

Ine pepala sinditaya. Pansi pa bedi ndili ndi sutikesi yachitsulo, ndipo m'menemo muli maenvulopu a khaki amene ndinawalemba manambala ndi dzanja langa. Muli makadi a kusikelo a ana athu, ngakhale kuti pano anawo ali ndi ana awo. Muli kalata yondilemba ntchito ndi kalata yondipumitsa ntchito. Muli ngakhale chikalata cha wailesi imene inafa kalekale. Anthu amandiseka, koma pakabuka mkangano, osekawo ndi amene amabwera kudzafunsa kuti chakutichakuti chinachitika liti.

Envulopu imodzi yokha ndi imene inasowa, ya nambala seveni. Inasowa tsiku limene tinasamuka ku Chilomoni kupita kunyumba ya lendi ku Zingwangwa, ndipo amene ankayang'anira katundu pa lole anali alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ndinkawakumbutsa za envulopuyo paukwati, pachinkhoswe, ngakhale pamaliro tikakhala pambali. Iwo ankangoti sanaione. Ine ndinkati munthu wosalakwa sayankha msanga choncho.

Alamu angawo ndi mmisiri womanga nyumba, amakhala ku Ndirande. Eni nyumba a ku Zingwangwa atatilembera kalata yoti dzinja likadzatha tidzatuluke chifukwa mwana wawo akufuna kulowamo, tinaona kuti nthawi yomanga pa poloti yathu ya ku Machinjiri yakwana. Unali mwezi wa Okutobala. Maziko anayenera kulowa pansi mvula isanayambe, apo ayi tikanadzapezeka okalamba awiri pamsewu ndi sutikesi. Mayi anagamula kuti womanga akhala achimwene awo, ndipo sanafunse maganizo anga.

Alamu anafika pa poloti ndi chingwe ndi zikhomo. Anazungulira kamodzi, n'kuponda pansi katatu ndi chidendene, n'kunena kuti apa m'pouma ngati pathanthwe, mawa akumba. Ndinawafunsa kuti pepala lotsimikizira zimenezo lili kuti. Anati nyumba zimene anamanga ku Ndirande zikwana mudzi, ndipo zonsezo anaziyeza ndi mwendo womwewo.

"Alamu," ndinatero, "chidendene chanucho chili ndi chidindo?"

Anatembenuka n'kuuza mchemwali wawo kuti anakwatiwa ndi ofesi.

Kutchalitchi kwathu kuli mayi wina wachitsikana, injiniya wa zomangamanga. Ndinamufotokozera nkhani yonse Lamlungu, titatuluka. Iye anati kanyumba kazipinda zitatu ambiri samavutikira kuyeza dothi, koma ngati ndikufuna, abwera Lachitatu. Anati tidzakumbe maenje atatu m'makona a nyumba, adzaone mmene dothi layalana, adzakhomere chitsulo pansi n'kuwerenga kuti chikulowa motani, ndipo dothi lina adzapita nalo kukaliyeza. Ndinamufunsa ngati pamapeto pake padzakhale lipoti. Anati la masamba anayi. Ndinatsala pang'ono kuimba nyimbo pakhomo pa tchalitchi.

Kunyumba mayi sanakondwe nazo. Anati ndikutaya masiku, mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri la Soche. Nditawaonetsa pa pulani pamene maenjewo adzakumbidwe, analoza kona ya chipinda chogona n'kufunsa ngati dzenje limenelo silingasunthidwe pang'ono. Ndinkaganiza kuti akungoikira kumbuyo achimwene awo.

Lachitatu ndinavala jekete, kunja kukuotcha choncho, ndipo ndinatenga kope latsopano. Amuna awiri okumba anayamba ndi piki dzuwa lisanakwere. Alamu anakhala pamwala, manja atapinda, kudikira kuti ndichite manyazi. Mayi anabwera ndi thobwa m'chigubu, chinthu chimene sanachitepo pa ntchito ina iliyonse.

Dzenje loyamba linatulutsa katondo wofiira, wolimba mpaka piki inkadumpha. Injiniya anaimika chitsulo chake chachitali, chokhala ndi chinthu cholemera chimene amachikweza n'kuchisiya kuti chimenye. Iye ankawerenga mokweza, ine ndikulemba. Sindinamvepo kukoma kotero chipumireni pantchito. Chitsulo chinkalowa pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'nyumba ya apongozi. Injiniya anati apa m'pabwino kwambiri. Alamu anatsokomola.

Dzenje lachiwiri linali chimodzimodzi. Alamu anatsokomola kawiri, n'kufunsa okumbawo ngati anaonapo munthu akuitana injiniya kuti adzamuuze zimene chidendene chinanena kale. Okumbawo anaseka. Mumtima ndinayamba kukonza mawu oti ndidzanene, akuti lipoti ndi lipoti ngakhale likuvomereza chidendene.

Tinafika pa dzenje lachitatu, la pachipinda chogona. Injiniya anayamba waimika chitsulo asanakumbe kwambiri. Atamenya kamodzi, chinalowa ngati mpeni m'papaya lakupsa. Atamenya kachiwiri, chinatsala pang'ono kumira chonse. Cholembera chinandigwa m'manja. Injiniya anauza okumbawo kuti apitirire, koma mosamala.

Fosholo yoyamba inatulutsa majumbo akuda. Yachiwiri, nsapato imodzi ya mwana. Kenako zitini, phulusa, chipeso chopanda mano, chigaza cha mbaula. Ine apa ndinali nditayamba kale kuzungulira dzenjelo, kulemba chilichonse chotuluka, uku ndikuitana alamu kuti abwere adzaone thanthwe lawo. Ndinawafunsa ngati thanthwe la ku Ndirande limavala nsapato. Munthu wa zaka zanga, wopuma pantchito mwaulemu, ndinapezeka ndikudumphadumpha pamulu wa dothi, jekete ikuuluka.

Kenako inatuluka mbale yosweka yamaluwa obiriwira. Ndinasiya kudumpha. Mbale imeneyo ndinkaidziwa, inali ya paukwati wathu. Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse mayi, koma iwo anali atayang'ana kumbali, akupukuta kapu imene inali youma kale.

"Madala, apa pali katundu womanga bwino," anatero mmodzi wa okumbawo, akundipatsira jumbo.

Inali yomangidwa mfundo yolimba. M'kati mwake munali jumbo ina, ndipo m'kati mwa imeneyo munali inanso. Nditamasula yachitatu, ndinaona khaki. M'mbali inali itadyeka ndi chinyezi, koma nambala inkaoneka bwinobwino, seveni wanga uja wokhala ndi kamzere pakati.

Ndinakhala pansi pafumbi. Sindikudziwa ngati ndinkaseka kapena ndinkalira, koma injiniya anandifunsa ngati ndikufuna madzi.

Mayi anaulula ataimirira pomwepo, chigubu chili m'manja. Anandikumbutsa kuti chaka chimene tinapeza polotiyo tinaumbitsapo njerwa, zimene tinadzapereka kutchalitchi pomanga kalasi ya ana. Pamene anakumba dothi la njerwazo panatsala nkhuti, dzenje lozama kuposa munthu. Ine ndinali nditaiwaliratu. Oumbawo anali abale, sitinalemberane kanthu, ndipo chinthu chopanda pepala m'mutu mwanga sichikhalitsa. Tsiku losamuka lija, mayi anauza dalaivala wa lole kuti zinyalala zonse akazikhuthulire m'nkhutimo, poopa kuti ana a anthu angadzamiremo m'dzinja. Oyandikana nawo anapitiriza kutayamo zawo, udzu unamera, malo anasalala.

Ndinati zonsezo ndamva, koma envulopu si chinyalala.

"Sutikesi inkakana kutsekeka, bambo. Ndinasuzumira, ndinaona matikiti a basi okhaokha."

"Matikiti amenewo ndi a maulendo anga a ku Mulanje, pamene ndinkakufunsirani."

"Ndiye ine si ndinabwera? Tikiti ya ulendo wotha ndi yachiyani?"

Ndinawafunsa kuti nanga munthu wotaya chinthu amachimangiranji m'majumbo atatu. Anayankha kuti kutaya anataya, koma sakanalola kuti mapepala anga anyowe, chifukwa amandidziwa.

Alamu anamva zonsezi. Anadzuka pamwala paja, anasasa thalauza, anabwera pang'onopang'ono n'kuima pakati pa ine ndi mchemwali wawo. Anayang'ana mayi, anayang'ana ine. Anati zaka khumi ndi chimodzi akhala akudya pamaliro ngati wakuba. Anati za chidendene avomera, chinalakwa pa kona imodzi mwa atatu. Koma asanagwire fosholo pamalo ano, akufuna chipepeso.

Ndinayamba kupepesa pomwepo, ndi mtima wonse.

"Iyayi, alamu," anatero. "Cholemba. Chosaina."

Okumba aja anachita kugwirana kuti asagwere m'dzenje. Ngakhale injiniya anabisa nkhope kuseri kwa kope lake.

Lipoti linabwera patatha masiku asanu, masamba anayi monga analonjezera, ndi chithunzi chojambula pamanja cha mmene maziko akhalire. Linati mbali zina zonse maziko wamba akwanira. Koma pa kona ya chipinda chogona tichotse zinyalala zonse mpaka tipeze dothi losakhudzidwa, tithire konkire yotambalala yokhala ndi zitsulo, ndipo khoma la pansi likwere kuchokera pomwepo. Injiniya anandiuza pakamwa kuti tikanamanga pamwamba pa nkhutiyo, pakanatha madzinja awiri kapena atatu khoma likanang'ambika, ndipo bedi lathu likanayamba kutsetserekera kukona. Ndinamupempha kuti mawu amenewonso awalembe. Anawalemba kuseri kwa tsamba lomaliza.

Chipepeso ndinalemba makope awiri, ndi kaboni pakati. Alamu anachiwerenga kawiri, anandibwezera kuti ndionjezere mawu akuti "pamaso pa anthu", ndipo mchemwali wawo anasaina ngati mboni, ngakhale kuti mwa ife tonse oyenera kupepesa anali mayiwo. Zitatero alamu anatsikira okha m'nkhutimo. Anakumba masiku atatu, lipoti lija atalikhomera pamtengo ndi msomali, akuyeza kuya kwake ndi tepi, osati ndi mwendo. Konkire inathiridwa Lachisanu. Mvula yoyamba inagwa Lolemba, ine nditaima pamaziko ndi ambulera, ndikuiuza kuti yachedwa.

Tinalowa m'nyumbayo masiku a kalata ya eni nyumba aja asanathe. Makoma ndimawayendera m'mawa uliwonse, ndipo mng'alu sindinauonepo. Matikiti ndinawayanika padzuwa imodziimodzi, mayi akundithandiza kutsindira ndi timiyala kuti asauluke, uku akunena kuti ulendo wina sakuukumbukira.

Kope lawo la chipepeso alamu anakulungiramo misomali sabata yomweyo. Mwezi wathawu anabwera kudzandipempha kuti ndiwabwereke langa, akaonetse anzawo ku Ndirande amene sakukhulupirira kuti ndinapepesa. Ndinawauza kuti aliwerengere pakhonde pomwepa, ine ndili pambali.