A Esposito Awiri a ku Bilston

Deliwe Esposito ndi namwino wochokera ku Balaka, ndipo chibwerereni ku Bilston, tauni ya ku England, palibe wodwala amene anawerengapo baji yake osamuyang'ana kawiri. Dzinalo ndi la bambo ake. Iwo anatoledwa ali khanda pakhomo la tchalitchi, wansembe wa ku Italy amene anawabatiza n'kuwapatsa dzina la kwawo. Banja lonse limalitenga ngati mfunda, ngakhale kuti m'Malawi monse analibe wina woti n'kupatsana naye moni wa pachibale.

Choncho m'wodi yake atagonekamo nkhalamba ina, a Gennaro Esposito, amene ankagulitsa ayisikilimu pamsika mpaka mawondo anakana, Deliwe sanafunse zambiri. Kumudzi Phiri akakumana ndi Phiri mnzake safunsana ziphaso. Anayamba kuwatchula kuti agogo, iwo n'kumavomera. Wodzawazonda panalibe. Tsiku lina akuwameta ndevu, anamugwira dzanja.

"Mwana wanga, asadzandiwotche. Ine ndikufuna dothi."

Anawalonjeza. Posakhalitsa nkhalambayo inatsikira kuli chete. Kunyumba, Deliwe ananena kuti apita kukhonsolo kukapempha kuti agogowo aikidwe m'manda.

"Amake Chiso, ubale wanu ndi azungu unayamba liti?" anaseka mwamuna wake, Ackson. "Ine ndinakwatira ku Balaka, osati ku Roma. Musatiputire mapulobulemu ndi a khonsolo."

"Sekani bwino, bambo. Wolonjeza ndine."

Ku ofesi yoona za maliro a anthu opanda abale anapeza Courtney, mtsikana waulemu kwambiri, ulemu uja umene umatseka chitseko mosamveka phokoso. Mtsikanayo anamufunsa ubale wake ndi malemuwo.

"Ndi agogo anga."

"A kuchimuna kapena kuchikazi?"

"Dzina ndi limodzi."

Courtney anali atafufuza kale posaka abale, ndipo anafotokoza mosangalala ngati wakhoza mayeso. Kale ku Naples, mzinda wa ku Italy, anatero, dzinali linkapatsidwa kwa makanda otayidwa pamakomo a matchalitchi. Tanthauzo lake ndi mwana wosiyidwa panja. Lero mumzindawo a Esposito ali mbwee, ena anamwazikira ku Amereka, ndipo ambiri mwa iwo palibe chowalumikiza.

"Ndiye ubale wake ndi umenewotu," anatero Deliwe. "Kholo lawo linatoledwa, bambo anganso anatoledwa."

Courtney anavomera kuti nkhaniyo ndi yogwira mtima. Koma m'bale, malinga ndi ofesiyo, ndi wa magazi kapena wa ukwati. Kutayidwa mofanana sikuwerengedwa. Zimene malemu ananena akumetedwa ndevu sizinalembedwe paliponse, ndipo munthu amene sanalembe kanthu, ofesi imamudziwira yokha zofuna zake. Thupi lidzawotchedwa. Ngati akufuna kukhalapo pamwambowo, ndi wolandiridwa ndithu, monga munthu wina aliyense wodutsa mumsewu.

Deliwe anabwerera pa thiramu, sitima yoyenda m'tauni, chibwano chili m'manja. Kutsutsana ndi munthu wamwano amakutha, koma waulemu chonchi akanamuyamba pati?

Patsikulo anabwera ku nyumba yowotcherako mitembo ndi amayi angapo a kutchalitchi, atamanga zitenje pamwamba pa majekete. Anayambitsa nyimbo ya maliro. Ndime yachiwiri isanathe, katani inadzitseka yokha n'kubisa bokosi, ndipo bambo wa suti yakuda anatsegula chitseko cha kumbali, chifukwa maliro ena anali atafika kale panja. Nyimboyo anakaimalizira poimika magalimoto.

Deliwe anali adakali ndi nkhata ya maluwa m'manja. Anafunsa bamboyo poti aiike, popeza manda panalibe. Iye analoza simenti ya kuseri kwa nyumbayo, n'kuwonjezera mokoma mtima kuti maluwa amachotsedwa Lachisanu.