Makiyi a m'chiuno mwa a Maloko

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, aliyense amangoti a Maloko. Anagwira ntchito yosunga katundu pasukulu ina yogonera komweko mpaka kupuma, ndipo anabwerako ndi nthenda imodzi: kukayikira aliyense. Kwawo shuga ali ndi loko, sopo ali ndi loko. Ngakhale tambala akafuna kulira m'mawa amayamba wapempha kiyi. Makiyi onsewo amakhala pachingwe m'chiuno, mkati mwa zovala, moti akamayenda mumangomva ngwere ngwere ngati ng'ombe yovala belu.

Amene ankamukayikira koposa anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo. Mlandu wake? Kuseka msanga. "Munthu woseka chonchi, chilipo chimene waona," ankatero.

Tsono m'chiuno momwemo munayamba kupweteka, magazi osaleka. Anabisa mpaka tsiku lomwe anagwa pakhomo la bafa, ndipo mpongozi yemweyo ndiye anawatengera kuchipatala. Dokotala anati m'chiberekero muli chotupa, koma kuti adziwe ngati n'choopsa, alowe kaye m'makina aakulu ojambula mkati mwa thupi, aja amati MRI.

Wojambula anali mayi wamfupi, wofatsa. Anawapatsa mkanjo wachipatala.

"Chitsulo chilichonse chitsale kuno, mayi. Ndolo, mapini, zonse. Makinawa ndi maginito amphamvu kwambiri."

Ngwere.

"Chikulira n'chiyani?"

"Chiuno changa."

"Mayi, amenewo ndi makiyi. Mukalowa nawo auluka ngati zipolopolo. Ndiponso pamene tikufuna kujambula ndi pomwepo."

A Maloko anayang'ana mpongozi wawo cham'mbali. "Wakuuzani ndani za makiyi? Mwapangana eti?"

"Tili ndi kabati yosungiramo," anatero wojambula.

"Kiyi wa kabatiyo asunga ndani?"

"Ine."

"Ehe! Ndimadziwa."

Koma ululu unawaluma mpaka anapindika. Anamasula chingwe chija, chomwe chinali chitasema kale njira yake pakhungu, n'kuchiponya m'manja mwa mpongozi. Bola wakuba wodziwika kwawo.

Anawabaya jakisoni woti matumbo adekhe, anawagoneka chagada, pamimba n'kuikapo chinthu chonga thireyi, m'makutu zomvera. "Musagwedezeke ngakhale pang'ono," anatero wojambula. Bedi linalowa m'mphanga, makina n'kuyamba: gogogo, dududu! Ngati amisiri zana akukhoma malata pamutu pako.

A Maloko anazindikira msanga. Phokosoli aliika dala, kuti munthu asamve makiyi ake akutuluka pageti! Anadzutsa mutu, anapotoza chiuno. Chithunzi chinatuluka ngati nkhungu. Wojambula anayesanso, nkhungu yomweyo.

"Mayi," anatero wojambula m'zomvera zija, "mukapitiriza chonchi dokotala saona kanthu. Mubwerera ndi chotupa chanu osadziwa kuti n'chotani."

"Mpongozi wanga ali kuti?"

"Ali panja, pabenchi."

"Mwamuona ndi maso anu?"

Kenako m'makutu mwawo munamveka mawu ena. Wojambula anali atamuitanira mpongozi m'kachipinda kake ka kuseri kwa galasi, pamaikolofoni.

"Amayi, ndine. Tamverani." Ngwere ngwere.

A Maloko anatchera khutu. "Gwedezaninso. Wa shuga sindinamumve."

Ngwere!

"Eya, alipo."

Basi, makina akapuma, mpongozi agwedeza. Makina akayamba, a Maloko ali duu ngati chipika. Nthawi ina wojambula anachita kufunsa ngati akupumabe. Chithunzi chinatuluka choyera moti dokotala akanatha kuwerengamo ndi maganizo awo omwe.

Chotupa sichinali khansa, koma chinafunika kuchotsedwa, ndipo anayenera kugonekedwa m'chipatala. A Maloko, amene anali atamanganso kale chingwe chawo m'chiuno mfundo zitatu, anachimasulanso n'kuchipereka kwa mpongozi.

"Tengani, inu. Koma muziwavala m'chiuno, pobwera kudzandiona ndizikumvani muli pageti."

Mpongozi anaseka.

"Mwaona adokotala?" anatero a Maloko. "Wasekatu."