Dzira la ba sisi ku akasupe a Chinyunyu

Lero m'basi munthu amene ndinakhala naye pampando anasenda dzira lowiritsa. Fungo lake linandibweza kwathu ku Chinyunyu, kumene akasupe otentha amanunkha chimodzimodzi.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene ba sisi ananditenga kukaonera vidiyo kumsika masana. Mufilimuyo anthu ankakhala m'chinyumba chachitsulo pansi pa nyanja, ndipo chinyama chopanda maso chinkawadya mmodzimmodzi. Titangotuluka, mkangano unabuka. Ogulitsa makala anati zonsezo n'zabodza, munthu sangapume pansi pa madzi. Amayi a tomato anati filimuyo inali yabwino, kungoti mkazi amene anapulumuka uja anali wouma mtima. Kenaka bambo wina wa njinga anati, "Inu simudziwa. Chinyama chotere chili konkuno. Muganiza madzi athu amabwata chifukwa chiyani? Ndi mpweya wake!"

M'mawa mwake amayi anatituma kukachapa kukasupe, koma ine ndinaima patali, osafuna kuyandikira madziwo. Ba sisi sanandiseke, ndipo sanakandinenere kwa amayi. Anatulutsa dzira m'thumba la diresi, analimanga m'kansalu, n'kuliviika pamene madzi ankabwatira kwambiri. Ndinasendera pang'onopang'ono kuti ndione, nthunzi ikundinyowetsa kumaso.

Atalivuula analisenda n'kundipatsa. Linali lolimba mpaka mkati.

"Waona? Dzira lapsa," anatero. "Chinyama chako chija chikanakhalamo, si bwenzi mudzi wonse tikudya nyama?"

Ndinaseka dzira lili m'kamwa, n'kunyamula beseni la zovala.